Momwe mungasankhire ndi kuphika zakudya potengera mtundu wake

Kufiira kwa tomato, chikasu cha dzungu ndi kubiriwira kwa bonongwe zimachokera ku zinthu zachilengedwe zimene zimapindulitsa thupi, koma phindulo limatayika ngati kaphikidwe kalakwika.

Yambirani pa msika. Mukafika ku Lizulu kapena ku Nsungwi, pemphani wogulitsa mbatata kuti athyole imodzi muone m'kati mwake. Sankhani yofiira m'kati, monga Kadyaubwerere, Chipika kapena Kaphulira, chifukwa ili ndi beta-carotene, imene thupi limaisandutsa vitamini A. Vitamini ameneyu amathandiza maso kuona bwino kukamada ndiponso amalimbitsa chitetezo cha m'thupi, makamaka kwa ana aang'ono ndi amayi oyamwitsa. Mbatata yoyera m'kati imakhutitsa, koma ili ndi beta-carotene wochepa kwambiri. Maungu, karoti, mango ndi mapapaya akupsa alinso m'gulu lomweli.

Chachiwiri, chimene ambiri sachilabadira, ndi mafuta. Beta-carotene amalowa bwino m'thupi akadyedwa pamodzi ndi mafuta pang'ono, kotero nkhwani, chisoso kapena kholowa zotendera ndi nsinjiro zimaposa zongophika ndi madzi ndi mchere. Masamba amenewa ali ndi beta-carotene yemweyo, kungoti wabisika ndi kubiriwira kwake. Futali wa mbatata yofiira ndi chakudya choyenera kupatsa mwana m'mawa pa chifukwa chomwechi. Tomato nayenso, akakazingidwa ndi mafuta mpaka kupsa, amatulutsa bwino lycopene amene amamufiiritsa.

Chachitatu, masamba musawachedwetse pa moto. Atsukeni musanawadule, thirani madzi ochepa, vundikirani poto, ndipo muwaphule adakali obiriwira. Soda ndi chidulo zimafewetsa ndiwo msanga, n'zoona, koma zimawononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B, choncho ndi bwino kuzipewa pa ndiwo zimene zingapse popanda izo.

Pokonza mfutso wa m'chilimwe, yanikani masamba pa mthunzi podutsa mphepo, chifukwa dzuwa lamphamvu limawononga beta-carotene.

M'malo mwa zakumwa zothira utoto, viikani chidede m'madzi otentha, musefe, ndipo shuga akhale wochepa. Kufiira kwake kumachokera ku anthocyanin, amene amathandiza kuteteza maselo a m'thupi. Amene akumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi asawasiye chifukwa cha chidede, ndipo afunse kaye kuchipatala asanayambe kuchimwa tsiku ndi tsiku.