Kalumikizidwe ndi kapentedwe ka tigalimoto ta pulasitiki

Tigalimoto ta pulasitiki timene timabwera m'bokosi tili zidutswazidutswa, kuti wogula alumikize yekha, timapangidwa motsatira muyezo wa galimoto yeniyeni. Makampani a ku Japan monga Tamiya, Aoshima ndi Fujimi amakonda muyezo wa 1/24, pamene AMT ya ku America imagwiritsa ntchito kwambiri 1/25. Muyezo wa 1/24 umatanthauza kuti kutalika kwa galimoto yeniyeni kwagawidwa ka 24, motero Volkswagen Beetle, yomwe ndi yaitali mamita anayi ndi pang'ono, imatuluka ya masentimita pafupifupi 17. Pa kanthu kochepa chonchi, kachipsera kamene simungakaone pa galimoto yaikulu kamaoneka ngati chilonda, ndipo mukathirapo penti wonyezimira m'pamene kamaonekera bwino kwambiri. N'chifukwa chake nthawi yambiri imathera pokonza thupi la kagalimoto penti asanafike.

Yambani ndi kutsuka zidutswa zonse m'madzi ofunda okhala ndi sopo wotsukira mbale pang'ono, kenaka muzisiye ziume zokha, popeza mafuta a m'manja ndi otsalira a kufakitale amalepheretsa penti kugwira. Pochotsa chidutswa pa chimango chake musachithyole ndi zala. Dulani ndi kapulayala kakuthwa chapatali pang'ono, ndipo kotsalako mukapale ndi mpeni. Mukatero yang'anani thupi la kagalimoto pa kuwala, mudzaona timizere totukuka timene tinatsala pamene mbali ziwiri za chikombole zinakumana, makamaka pamwamba pa matayala ndi m'mphepete mwa denga. Timizere timeneti palibe pa galimoto yeniyeni, choncho tikhuleni ndi sandipepa wa nambala 600, kenaka wa 1000, mutamunyowetsa ndi madzi kuti asasiye zokanda zakuya.

Musanapake guluu paliponse, yesani kaye kulumikiza zidutswazo zouma kuti muone ngati zikukhalana bwino. Guluu wa tigalimototi, monga Tamiya Extra Thin Cement, amagwira ntchito posungunula pulasitiki pang'ono kuti mbali ziwirizo zisanduke chinthu chimodzi, ndiye kadontho kamodzi kolowetsedwa mumng'alu ndi kaburashi n'kokwanira. Guluuyu sagwira pa penti kapena pa zidutswa zokutidwa ndi kuromu, monga mabampala, choncho palani malo okhawo amene akukumana mpaka pulasitiki aonekere.

Penti woyamba ndi pulaima, amene amakhala pansi pa penti wa mtundu. Wotuwa amaonetsa msanga pamene mwalakwitsa pokhula, koma ngati kagalimotoko kadzakhale kofiira, kachikasu kapena koyera, gwiritsani ntchito pulaima woyera, chifukwa mitundu imeneyi ndi yopyapyala ndipo imazimirira ikakhala pamwamba pa wotuwa. Pulaima akauma, mukhuleninso mopepuka ndi sandipepa wa nambala 1500 kapena 2000.

Penti wa tigalimoto alipo wa mitundu itatu: lacquer, enamel ndi acrylic. Lacquer ali ndi thinala (mankhwala osungunulira penti) waukali kuposa enawo, amauma msanga ndipo amalimba bwino, pamene enamel amachedwa kwambiri kuuma ngakhale amayala mosalala ndi burashi. Acrylic wosungunulidwa ndi madzi kapena mankhwala otchedwa isopropyl alcohol sanunkha kwambiri. Lamulo lofunika kulisunga ndi lakuti penti waukali azikhala pansi, wofatsa pamwamba. Ine ndinaphunzira zimenezi mowawa pamene ndinapopera lacquer wonyezimiritsa pamwamba pa enamel wobiriwira amene ndinali nditamudikira masiku atatu. Pasanathe mphindi ziwiri boneti yonse inali itachita makwinya ngati chikopa cha ng'azi, ndipo panalibe kuchitira mwina koma kuchotsa penti yense ndi kuyambiranso. Chiyambire tsiku limenelo ndimayesa kaye mitundu iwiri iliyonse pa supuni ya pulasitiki, yomwe ikaonongeka palibe amene amalira.

Ngati mukugwiritsa ntchito penti wa m'chitini chopopera, chiikeni kaye m'madzi ofunda kwa mphindi zingapo, osati otentha ndipo osati pafupi ndi moto, kenaka muchikhutchumule kwa mphindi ziwiri. Mangirirani thupi la kagalimoto pa waya kapena pa botolo kuti musalikhudze, ndipo chitini chikhale pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 25. Yambani kupopera dzanja lisanafike pa kagalimoto, mudutse mosaima, ndi kusiya mutapitirira, chifukwa poyambira ndi pothera m'pamene chitini chimalavula madontho. Kupopera koyamba ndi kwachiwiri kukhale kopepuka ngati nkhungu, pulaima akuonekerabe, ndipo mudikire mphindi 15 kapena 20 pakati pake. Kachitatu ndi kachinayi m'pamene mumachedwetsa dzanja kuti penti anyowe ndi kunyezimira. Mukayandikira kwambiri penti amayenderera, ndipo mukatalikira amaumira m'malere n'kufika pa thupi ali wokhakhala ngati khungu la lalanje. Ntchito imeneyi ichitikire panja kapena pamalo popita mphepo, mutavala chotchinga mphuno choletsa mpweya wa thinala, popeza kansalu wamba kamangotchinga fumbi.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. M'dzinja, chinyezi chikachuluka, lacquer amauma ali mbuu ngati pathiridwa mkaka, pamene m'chilimwe mdani ndi fumbi. Mukangomaliza kupopera, vindikirani kagalimoto ndi bokosi loyera bwino ndipo musakaike padzuwa, chifukwa pulasitiki amapindika. Lacquer mupatseni masiku awiri kapena atatu, enamel sabata kapena kuposerapo. Ngati mukununkhizabe thinala mukayandikitsa mphuno, ndiye kuti penti sanalimbe.

Zomata za manambala ndi zizindikiro zimakhala bwino pa penti wonyezimira, chifukwa pa penti wokhakhala mpweya umatsalira pansi pake n'kuoneka ngati siliva. Dulani chomata chimodzi, muchiviike m'madzi ofunda kwa masekondi 10 mpaka 20, muchisiye pa nsalu mpaka chiyambe kutsetsereka pa pepala lake, kenaka muchikankhire pamalo pake ndi burashi yonyowa ndi kufinya madzi ndi thonje. Pakapita tsiku lathunthu mutha kupopera penti wonyezimiritsa wopanda mtundu, kuyambanso ndi kankhungu kopepuka kuti thinala asadye zomatazo.

Magalasi aikeni pomalizira penipeni. Guluu wosungunula pulasitiki amawaononga, ndipo supaguluu amawasiyira chifunga choyera chimene sichichoka mosavuta, choncho gwiritsani ntchito guluu woyera wa matabwa, amene amauma osaoneka. Mupakeni ndi nsonga ya kamtengo kotokosera m'mano m'mphepete mwa windo, mugwire galasi m'mbali kuti zala zisadinde pakati, ndipo wotulukira kunja mumupukute ndi thonje lonyowa asanaume.