Musanathire mankhwala mu sipuleya, yambani mwagwirizanitsa miyeso

Anthu ambiri akalakwitsa kusungunula mankhwala, vuto silikhala masamu ovuta ayi. Pa botolo alemba malita pa hekitala, kapu yoyezera ili ndi mamililita, pepala lina likunena za peresenti, ndiye munthu amangoyerekeza ndi maso n'kuthira. Pakapita masiku awiri masamba apsa, kapena tizilombo tikungodya ngati sitinapoperedwe n'komwe. Musanatsegule botolo, sandutsani manambala onse akhale mu muyeso umodzi, ndipo wosavuta ndi wa kuchuluka kwa mankhwala pa lita imodzi ya madzi.

Lita imodzi ndi mamililita 1000. Pa sirinji mukaona cc musadabwe, cc imodzi ndi mililita imodzi. Supuni yoyezera yaing'ono ndi mamililita 5, yaikulu 15, koma masupuni a m'nyumba sakhala ofanana, ndipo supuni imene yakhudza mankhwala isabwererenso kukhitchini. Ine ndimalimbikitsa sirinji yopanda singano yosungidwa pa ntchito imeneyi yokha.

Tiyerekeze kuti lebulo yanena kuti lita imodzi ya mankhwala ipopere hekitala imodzi. Funso n'lakuti, inuyo hekitala mumaithera madzi ochuluka bwanji? Izi lebulo singakuuzeni, chifukwa zimatengera nozo yanu (potulukira mankhwala), kapopedwe kanu ndi mayendedwe anu. Yezani malo a mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi, thirani madzi okhaokha mu sipuleya, mupopere mmene mumachitira masiku onse, kenako muone madzi amene atha. Malowo ndi masikweya mita 100, pomwe hekitala ndi masikweya mita 10,000, choncho chulukitsani madzi aja ka 100. Ngati atha malita 2, ndiye kuti hekitala imafuna malita 200. Gawani mamililita 1000 ndi 200, mupeza mamililita 5 pa lita. Sipuleya ya malita 16 ifunika mamililita 80.

Mnzanu woyenda mwachifatse akhoza kuthera malita 3 pa malo omwewo. Iyeyo hekitala imamudyera malita 300, ndipo mu sipuleya yomweyo ayenera kuthira mamililita pafupifupi 53. Akatengera 80 yanu ija, wathira mankhwala opyola muyeso ndi theka. N'chifukwa chake muyeso wobwereka kwa neba ndimaukayikira.

Peresenti ndiye imasokoneza kwambiri. Peresenti imodzi ndi magalamu 10, kapena mamililita 10, mu lita imodzi ya zosungunulazo. Ndiye 0.5 peresenti ndi 5 pa lita, 0.1 peresenti ndi 1 pa lita. Mukakumana ndi ppm, m'madzi imeneyo ndi miligalamu imodzi pa lita, ndipo peresenti imodzi ndi 10,000 ppm. Ziro mmodzi akasowa kapena kadontho kakasuntha, mwalakwitsa kakhumi. Ziwerengeni kawiri.

Tengani chitsanzo cha klorini wamadzi wochapira ziwiya ndi makola. Botolo lalembedwa 5 peresenti, inu mukufuna 0.5 peresenti. Gawani 5 ndi 0.5, mupeza 10. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa: 10 ameneyu ndi zonse pamodzi, mankhwala ndi madzi omwe. Chotsanipo 1, mutsale ndi magawo 9 a madzi pa gawo limodzi la klorini. Lita imodzi ya klorini ndi malita 9 a madzi zikupatsani malita 10. Botolo likakhala la 3.5 peresenti, 3.5 kugawa ndi 0.5 ndi 7, kuchotsa 1 ndi 6. Kaya muyeza ndi kapu kaya ndi ndowa, bola chiwiya chikhale chimodzi chomwecho.

Klorini waufa ali ndi njira ina. Ngati mphamvu yake ndi 70 peresenti, gawani 0.5 ndi 70, muchulukitse ka 1000, mupeza magalamu pafupifupi 7 pa lita. Magalamu, osati mamililita. Madzi ndi amene mililita imodzi imalemera galamu imodzi. Ufa wina ndi wopepuka, wina wolemera, ndipo kapu yodzaza ufa wogwedeza siifanana ndi ya ufa wosagwedeza. Ufa umafuna sikelo. Klorini musamuphatikize ndi asidi kapena amoniya, amatulutsa mpweya wapoizoni. Posungunula asidi, thirani asidiyo pang'onopang'ono m'madzi, osati madzi mu asidi.

Malebulo ena amalemba magaloni. Galoni ya ku America ndi malita pafupifupi 3.8, ya ku Britain ndi 4.5, choncho onani kaye kumene mankhwalawo anapangidwa. Ekala nayo si hekitala, ndi pafupifupi 0.4 ya hekitala, kutanthauza kuti lita imodzi pa hekitala ndi mamililita 400 pa ekala.

Pothira, valani magolovesi, ikani madzi mpaka theka la sipuleya, thiranimo mankhwala oyeza aja, tsukuluzirani sirinji momwemo, gwedezani, kenako onjezerani madzi mpaka pa mzere wa malita 16. Mukayamba mwadzaza madzi kufika pa mzere, mankhwala sasakanikirana bwino ndipo thovu limasefukira kumsana kwanu.