Momwe mungakaonerere opera ndi ballet koyamba ku Cape Town

Amalawi ambiri amene tili ku Cape Town nyumba ya Artscape timangoidziwira kunja. Ukatsika basi ya MyCiTi pa Civic Centre, kapena ukachoka pa siteshoni ya sitima n'kulowera cha ku Foreshore, umaiona ili apo, chinyumba chachikulu chopachikidwa zithunzi za anthu oimba ndi ovina. Ine ndinaidutsa zaka zingapo ndikuganiza kuti zam'katimo n'za azungu ndi anthu a ndalama. Anandikokera m'katimo ndi mayi wina wa m'kwaya ya kutchalitchi kwathu. Usiku umenewo ndinamva munthu mmodzi akuimba popanda maikolofoni, mawu ake akupyola zida zoimbira zambirimbiri n'kudzandipeza pampando wakumbuyo kwenikweni, ndipo tsitsi linandinyerenyesa. Munthu amene anakulira m'kwaya, kaya ya amayi a Mvano, ya achinyamata kapena ya kusukulu, khutu lomvera zimenezi ali nalo kale. Chimene chimasowa ndi kukonzekera pang'ono basi.

Choyamba, dziwani eni ake a masewerowa

Artscape ndi nyumba chabe, ili mu msewu wa D.F. Malan. Magulu amene amaonetsamo masewero ndi osiyana, ndipo lililonse limatulutsa ndandanda yake ya chaka. Cape Town Opera, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999, ndiyo ya opera, masewero oimba. Cape Town City Ballet ndi ya gule. Mizu yake ili mu gulu limene Dulcie Howes anayambitsa mu 1934 pa yunivesite ya Cape Town. Oimba zida amene nthawi zambiri amakhala m'dzenje kutsogolo kwa nsanja ndi a Cape Town Philharmonic Orchestra. Tsegulani masamba a pa intaneti a magulu awiri oyambawo, komanso la Artscape, muone masiku. Sewero limodzi limangoonetsedwa masiku ochepa kenako n'kuchotsedwa, ndiye mukati ndipita mwezi wamawa mukapeza latha. Onetsetsaninso malo, chifukwa masewero ena amachitikira ku Baxter ku Rondebosch, ndipo m'nyengo yotentha gule amavinidwanso panja ku Maynardville ku Wynberg.

Mantha olowa m'nyumba imeneyi ali ndi mbiri yake, sitinangowalota. Pamene inkatsegulidwa mu 1971 inkatchedwa Nico Malan, ndipo ankaloledwa kulowamo ndi azungu okha. Koma luso lenilenilo silinakhalepo la mtundu umodzi. Gulu la Eoan, la anthu osakhala azungu a ku District Six, dera la mu Cape Town momwemo, linaimba La traviata yonse m'Chitaliyana mu 1956 mu holo ya mzinda. Johaar Mosaval, mwana wa ku District Six komweko, anakavina ku Royal Ballet ku London nthawi imene kwawo sakanaloledwa kukwera nsanja yaikulu. Pretty Yende wa ku Piet Retief anamva opera koyamba pa kanema wotsatsa malonda a ndege ali mtsikana, anadzaphunzira kuimba ku yunivesite ya Cape Town, ndipo mu 2023 anaimba pa mwambo wolonga ufumu Charles III ku Westminster Abbey. Kwaya ya Cape Town Opera inapambana mphoto ya kwaya yabwino ya chaka pa International Opera Awards mu 2013. Mukalowa mukaona nokha kuti ambiri mwa oima pa nsanja ndi ana a m'makwaya a m'malokesheni.

Sankhani sewero loyenera kuyambira

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Munthu amagula tikiti ya sewero lililonse limene lapezeka, n'kukakhala maola anayi osamva mutu wake, basi osabwereranso. Ulendo woyamba sankhani sewero la nkhani yosavuta kutsatira.

Ngati pa ndandanda pali La bohème ya Puccini, ya mu 1896, musaiphonye. Nkhani yake ndi ya anyamata anayi osauka okhala chipinda chimodzi cha pamwamba ku Paris m'nyengo yozizira. Nkhuni alibe, mpaka mmodzi akuwotcha mapepala amene analemba kuti awothe. Landilodi akugogoda kufuna lendi. Kenako mtsikana wosoka wa chipinda choyandikana, Mimì, akubwera kudzapala moto chifukwa kandulo yake yazima, ndipo chikondi chikuyambira pomwepo, iye akudwala kale chifuwa chachikulu. Aliyense amene anagawanapo chipinda ndi anzake atangofika kumene kuno safunika womufotokozera. Gawo lomaliza, pamene anzake akugulitsa ndolo ndi jekete kuti apeze mankhwala, ndi chimodzimodzi zimene timachita ife mnzathu akadwala kutali ndi kwawo.

Carmen ya Bizet, ya mu 1875, nayonso ndi poyambira pabwino. Imaimbidwa m'Chifalansa, nkhani yake ndi ya mkazi wogwira ntchito pa fakitale ya fodya ku Seville ndi msilikali amene nsanje inamufikitsa pa kupha. Nyimbo zake zina mukapeza kuti munazimvapo kale osadziwa kumene zinachokera. La traviata ya Verdi, ya mu 1853, imatsatirika bwinonso.

Kumbali ya gule, Giselle ndi waufupi, wa magawo awiri okha. Swan Lake ndi wautaliko koma nyimbo za Tchaikovsky zimakunyamula. The Nutcracker, imene magulu ambiri amaivina cha ku Khirisimasi, ndiyo yopita ndi ana.

Werengani nkhani yonse musanapite

Ichi ndiye chachikulu pa zonse, ndipo sichilira ndalama. Opera si filimu yoti ukadziwa mathero yakoma kutha. Anthu amene adzaza holoyo ambiri akudziwa kale kuti wakuti afa pa mapeto. Chimene abwerera ndi kudzamva momwe woimba wa lero aimbire imfayo. Choncho kutatsala masiku awiri kapena atatu, fufuzani pa foni chidule cha nkhaniyo, muchiwerenge gawo ndi gawo, musunge m'mutu mayina a anthu anayi kapena asanu ofunikira. Kenako pitani pa YouTube mumvetsere nyimbo ziwiri kapena zitatu zodziwika za m'sewerolo, mubwereze kangapo pophika kapena muli m'basi. Nyimbo imene khutu linaizolowera kale ikayamba pa nsanja, mtima umaidumphira ngati mwakumana ndi wakwanu.

Za chinenero musade nkhawa. Pamwamba pa nsanja pamakhala poonetsera mawu omasulira, mzere ndi mzere, pamene oimba akuimba. Koma mukadziwa nkhani simudzatopa ndi kukweza ndi kutsitsa mutu. Mudzangoyang'anako mwa apo ndi apo.

Chimodzi chimene anthu a kwaya amachikonda: mawu amagawidwa ngati kwathu komwe. Sopulano nthawi zambiri ndiye mtsikana wa m'nkhaniyo, tena ndiye mnyamata womukonda, mawu apakati a amuna amapatsidwa kwa wopikisana naye kapena bambo, besi ndiye mfumu, wansembe kapena nkhalamba. Carmen amasiyanako, chifukwa mwini sewero amaimba ndi mawu otsikirapo, oyandikira aluto, ndipo n'chifukwa chake amamveka wokhwima ndi wosaopa munthu.

Tikiti ndi mpando

Gulani tikiti msanga, kudzera pa tsamba la gulu lenilenilo kapena pa windo la matikiti ku Artscape komweko. Mitengo imasiyana malinga ndi mpando, ndipo yotsika ndi imene imayamba kutha. Funsani ngati pali mtengo wa ophunzira, wa okalamba kapena wa gulu. Ngati muli a kwaya imodzi, kugula pamodzi n'kwanzeru.

Holo yaikulu ya opera imalowa anthu pafupifupi 1,500. Pa opera, mpando wakumbuyo kapena wam'mwamba si wonyozeka ayi, mawu amafikako bwino lomwe. Pa gule ndimakonda kukhala m'mwamba chapakati, chifukwa ukakhala pansi kutsogolo kwenikweni suona bwino mizere imene ovina makumi awiri kapena kuposa akupanga, ndipo mwina mapazi amabisika. Mipando ya m'mphepete kwambiri ipeweni ngati mungathe, imakubisirani mbali ina ya nsanja.

Mayendedwe ndi zovala

Masewero a madzulo amatha usiku, mwina cha m'ma 10 koloko kapena kupitirira. Konzeranitu za pobwerera musanachoke pakhomo: galimoto ya mnzanu, Uber kapena Bolt. Musayende wapansi nokha ku Foreshore usiku. Ngati mumakhala kutali, monga ku Dunoon, Masiphumelele kapena Imizamo Yethu, yang'anani sewero la masana la Loweruka kapena Lamlungu, mubwerere kukuwala. Okwera MyCiTi musaiwale kuika ndalama mu khadi.

Zovala, valani ngati mukupita kutchalitchi kapena ku chinkhoswe. Suti siikakamizidwa. Chilundu cha chitenje chosokedwa bwino chimakhala pamalo pake kwambiri m'menemo. Tengani juzi, chifukwa mphepo ya ku Foreshore imawomba mosanyengerera.

Fikani kutatsala mphindi 45. Ulendo wanga wachiwiri ndinachedwa ndi mphindi zochepa, zitseko zinali zitatsekedwa, ndipo ndinadikira panja mpaka pamene panapezeka mpata wolowera. Lamuloli lili m'nyumba zambiri za opera, cholinga chake n'kusasokoneza oimba. Nthawi yathu ija yoti tiyamba anthu akakwana kuno siigwira.

Mukakhala pampando

Zimitsani foni, osati kungoichotsa mawu. Kuwala kwake kumasokoneza a kumbuyo kwanu, ndipo kujambula sikuloledwa. Magetsi asanazime mudzamva chida chimodzi chouzira, oboe, chikuliza liwu limodzi lalitali, zida zonse n'kumalitsatira. Akuchuna zida, nyimbo sinayambe. Kenako wotsogolera nyimbo amalowa m'dzenjemo, anthu n'kuwomba m'manja, ndipo akakweza kandodo kake holo yonse imati zii.

Kukhala chete kumeneko n'kumene kumativuta ife ozolowera kuvomera nyimbo ndi kululutira pakati. Gwirani mtima. Popeza palibe maikolofoni, woimba akatsitsa mawu mpaka kunong'ona, ngakhale pepala la switi limamveka. Nthawi yowomba m'manja imafika: pakutha pa nyimbo yaikulu ya munthu mmodzi, pakutha pa gawo, ndi pa mapeto pamene onse abwera kudzawerama. Mukakayika, dikirani ena ayambe. Pa mapetopo ndiye masukani, imirirani, fuulani, ndipo ku Cape Town nthungululu si yachilendo.

Pakati pamakhala kupuma kwa mphindi pafupifupi 20. Pitani kuchimbudzi msanga chifukwa mzere umatalika, werenganinso chidule cha gawo lotsatira, ndipo belu likalira bwererani.

Gule wa ballet mumamuwerenga ndi maso

Mu ballet mulibe wolankhula kapena woimba. Nkhani yonse ili m'thupi, ndipo ife a kwa gule wamkulu tikudziwa kale kuti wovina amatha kunena zambiri pakamwa pali potseka. Pali zizindikiro zingapo zimene zimabwerabwera mu magule akalewa. Manja pamtima ndi chikondi. Kuloza chala cha mphete ndi ukwati. Kukweza zala ziwiri m'mwamba ndi kulumbira. Kupingasa zibakera n'kuzitsitsa pansi ndi imfa. Kuzunguza manja pamwamba pa mutu ndi kuitanira ku gule. Mukadziwa zisanu zimenezi, gawo loyamba la Giselle, gule wa mu 1841, mulimva ngati akulankhula: mtsikana wa kumudzi wa mtima wofooka, mnyamata wa kubanja lachifumu amene wadzibisa ngati mlimi, lumbiro labodza, ndi misala imene imamugwira mtsikanayo atazindikira kuti mnyamatayo ali kale ndi chitomero.

Yang'anitsitsani mapazi a akazi. Nsapato zimene amaimira pa nsonga ya zala zilibe thabwa kapena chitsulo kutsogoloko. Ndi nsalu zosanjikiza zolimbitsidwa ndi guluu, ndipo thupi lonse limatsamira pa kamalo kochepa ngati kandalama kachitsulo. Mukakhala pafupi mudzamva kagogodo kake pa matabwa pamene gulu lonse likuthamanga, ndi kupuma kwa wovina akangomaliza kudumpha, nkhope ili phee ngati sanachite kanthu. Mu gawo lachitatu la Swan Lake wovina wamkulu amazungulira ka 32 pa mwendo umodzi osaima, ndipo anthu amawerenga chamumtima. Koma ine chimene chimandigwira kwambiri ndi gawo la kunyanja, pamene atsikana ovala zoyera aima m'mizere, onse kupendeketsa mutu mofanana, dzanja kukwera nthawi imodzi. Amene anayesapo kuphunzitsa kwaya kuti anthu makumi awiri apume pamalo amodzi akudziwa kuti zimenezi zimadya miyezi ingati.

Mukatuluka sungani kabuku ka pulogalamu, muli mayina a oimba ndi ovina onse. Chongani dzina la amene wakukhudzani, makamaka achinyamata a m'magawo ang'onoang'ono, kuti ndandanda ya chaka chamawa ikatuluka mudzayang'ane kumene amuika n'kugula tikiti ya tsiku limene iye akuimba.