Kuwedza pa boti la chata (la hayala) ku Durban nthawi yozizira: poyambira pake

Ife okulira kunyanja timadziwa kuti Juni ndi Julayi ndi miyezi ya mwera, asodzi amakokera mabwato kumtunda nkukhala masiku angapo akungosoka maukonde. Ndye nditangobwera ku Durban kuno anzanga atati tikawedze panyanja ya mchere mu Julayi ndinakanitsitsa. Koma kuno nzosiyana. Nthawi yozizira ndi imene nyanja imagona bwino masiku ambiri makamaka mmawa, mvula ndi yochepa, madzi amayera ndipo sazizira kwenikweni, amakhala cha mma 20 mpaka 22 digiri chifukwa cha madzi ofunda a Agulhas amene amatsika kuchokera mbali ya Mozambique.

Choyamba musasankhe tsiku potengera kuti ndi liti muli pa ofu basi, sankhani potengera mphepo. Nthawi imeneyi kumabwera ma cold front (mafunde a mpweya wozizira) ochokera ku Cape, akafika mphepo ya kumwera chakumadzulo imaomba mwadzidzidzi ndipo nyanja imene inali phee imasanduka ina pa kanthawi kochepa. Tsiku labwino ndi lija mphepoyo yangotha kumene, patapita tsiku limodzi kapena awiri, mafunde atsika ndipo madzi oyera akankhidwira kufupi ndi gombe. Mphepo ya kumpoto chakummawa ija ikalimba masiku angapo imadetsa madzi nkuwaziziritsa, nsomba zimangotseka pakamwa. Ikani Windy kapena Windguru pa foni, muziona mphepo komanso kutalika kwa mafunde, ngati akudutsa mamita awiri ndipo ndi ulendo wanu woyamba dikirani tsiku lina. Pobukitsa mufunseni sikipa (woyendetsa botilo) kuti nyengo ikaipa amasuntha tsiku kapena amabweza dipoziti, zimenezi mugwirizane musanalipire. Ndipo sikipa akanena kuti lero sitituluka musamukakamize chonde, ameneyo ndi amene akuidziwa nyanjayo.

Maboti ambiri a chata amanyamukira mu doko la Durban, mbali ya Wilson's Wharf, awa ndi abwino kwa oyamba chifukwa mumatuluka pa madzi odekha. Ku South Coast monga ku Umkomaas ndi Shelly Beach boti limadutsa mmafunde osweka aja kuti lilowe pakati, pamafunika kugwira zingwe zolimba ndi kumvera zonse zimene sikipa akunena. Sikipa akhale ndi mapepala a SAMSA (bungwe la boma loona za chitetezo cha panyanja ku South Africa), bote likhale ndi ma layifi jekete okwana aliyense. Inunso mukhale ndi pemiti yanu yowedzera, imagulidwa pa intaneti, ndipo imakhala ya mwezi kapena ya chaka.

Tsono nsomba zake. Chimene chimasangalatsa nthawi imeneyi ndi sadini. Mu Juni ndi Julayi madzi akazizirako mpaka kutsika pansi pa 21 digiri, sadini amakwera kuchokera ku Eastern Cape mmagulu akuluakulu, mukamuona mumakumbuka usipa koma uyu ndi wamkulu ndipo madzi amachita kuda bii ndi kuchuluka kwake. Mbalame zimagwera mmadzi kuchokera mmwamba ngati miyala, ma dolphin ali pomwepo, shaki ali pansi, ndipo nsomba zikuluzikulu zonse zimatsata chakudyacho. Sikuti chaka chilichonse amafika mofanana ayi, zaka zina amadutsa kutali osaoneka, ndye musabukitse chifukwa cha sadini yekha.

Kufupi ndi gombe mupeza shadi, ena amati elf. Amadya nyambo ya sadini mmamawa kukungocha, mano ake ndi akuthwa kwambiri ndye pamwamba pa mbedza pamafunika kawaya, ndipo musalowetse chala mkamwa mwake pochotsa mbedzayo, ndinaona munthu magazi ali chuchuchu chifukwa cha shadi wamngono. Lamulo ndi shadi 4 pa munthu patsiku, osachepera masentimita 30, ndipo kuyambira 1 Okutobala mpaka 30 Novembala ndi woletsedwa. Kumbuyo kwa shadi kumabwera garrick, nsomba yamphamvu imene imafuna nyambo yamoyo. Ikatenga nyamboyo musakoke msanga, ilekeni ithamange nayo kaye imeze, mukafulumira mumangobweza mbedza yokha. Garrick ndi awiri patsiku, masentimita 70 kupita mmwamba.

Pamiyala ya pansi pa madzi, bote likaima, mumatsitsa mbedza ndi chitsulo cholemera mpaka chigunde pansi kenako mukwezeko pangono kuti chisakodwe. Apa ndi pamene oyamba amasangalala chifukwa nsomba monga slinger, soldier ndi rockcod zimadya pafupipafupi, nyambo yake sadini kapena chokka (squid, kanyama kofewa ka mnyanja ka miyendo yambiri). Geelbek ndi daga salmon zimabweranso nthawi yozizira mpaka cha mu Okutobala koma zimadya bwino madzulo ndi usiku, ndye ngati ndi zimene mukufuna funsani ulendo wa usiku. Geelbek ndi awiri patsiku, masentimita 60. Nsomba ikakodwa kokani osapumira chifukwa shaki amadikira pansipo, mukachedwa mukweza mutu wokha. Pali zina zoletsedweratu ngati seventy-four, ikakodwa imabwezedwa mmadzi pompo, ndipo nsomba zonse zogwidwa ndi pemiti imeneyi sizigulitsidwa, ndi ndiwo za pakhomo basi.

Za thupi lanu musazitenge mopepuka. Chizungulire cha panyanja ya mchere sichiona kuti munakulira ku Nkhotakota kapena ku Mangochi, mafunde a kuno ndi aatali ndipo amakukweza nkukutsitsa mosalekeza. Imwani mankhwala a nseru usiku musanagone ndi ena mmawa monga anenera a ku famase, mowa dzulo lake ayi, idyani kenakake kopepuka ngati buledi, ndipo mukayamba kumva mutu kulemera yanganani kumtunda kutali, osati pa foni kapena pansi pa bote. Dzuwa mu Juni limatuluka pafupifupi 7 koloko pomwe maboti amanyamuka kudakali mdima, kumazizira zedi boti likamathamanga ndye valani juzi ndi jekete yosalowa madzi, pofika 10 koloko muzavula nokha. Chipewa, madzi akumwa, nsapato zosaterera. Anamgumi amadutsanso miyezi imeneyi, nthawi zina amatulukira pafupi mpaka kumva kupuma kwawo.

Tengani bokosi la ayisi mulisiye mgalimoto kapena mufunse ngati pa bote lilipo. Shadi mnofu wake ndi wofewa, sachedwa kuonongeka ndipo mu filiji sakhalitsa bwino, ndye mutumbuleni mukangofika kumtunda, mchere pangono, mumuotche kapena kumukazinga tsiku lomwelo. Geelbek ndi slinger ndi zimene mungasunge za mawa.