Kumbani pomwe mwaimapo: kalembedwe ka mbiri ya kuntchito kwanu kuno ku Mzuzu

Buku la mbiri ya kampani nthawi zambiri limatuluka kampaniyo ikamakondwerera zaka 25 kapena 50, ndipo wolipira mlembi amakhala mwini kampani. N'chifukwa chake zithunzi za mabwana zimadzaza masamba, koma dzina la bambo amene anasiya zala pamakina ochekera matabwa simulipezamo. Sven Lindqvist, mlembi ndi mtolankhani wa ku Sweden amene anabadwa mu 1932 n'kumwalira mu 2019, anaona zimenezi m'makampani a simenti a kwawo. Mu 1978 anatulutsa buku lakuti Gräv där du står, kutanthauza kuti kumba pomwe waimapo. Mfundo yake inali yoti wantchito amadziwa malo ake kuposa katswiri wochokera kunja, choncho afufuze yekha. Magulu ambirimbiri a antchito ku Sweden anayamba kukumba potsatira bukulo.

Mzuzu ndi malo abwino kuyeserapo, poti mzindawu ndi mwana wa ntchito. Unamera pa esiteti ya mitengo ya tung, imene mtedza wake umatulutsa mafuta, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo unatchedwa mzinda mu 1985. Ana a anthu amene ankatola mtedza wa tung akadali moyo ku Katoto, ku Chibavi ndi ku Masasa, ndipo amene anadzala paini ku Chikangawa m'zaka za m'ma 1960 ena alipobe.

Yambani ndi funso laling'ono. "Mbiri ya khofi wa kumpoto" ndi nyanja, mumira. "Kodi amayi osankha khofi ankalandira zingati, ndipo anayamba liti kulandira malipiro ofanana ndi abambo?" limenelo ndi funso loti mutha kuliyankha m'miyezi isanu ndi umodzi. Mukhale anthu atatu mpaka asanu. Mukapitirira apo misonkhano imasanduka macheza.

Musathamangire ku ofesi musanaone za m'nyumba. M'masutukesi a akuluakulu muli mapepala a malipiro, makalata olembedwera ndi ochotsedwera ntchito, makadi a bungwe la antchito, ziphaso za kuchipatala. Jambulani pepala lililonse ndi foni mbali zonse ziwiri, chidindo ndi tsiku zioneke, pa kuwala kwa panja koma pamthunzi. Pepalalo musapite nalo. Ndi chinyezi cha Mzuzu chino, pepala lakale likagona masiku angapo m'jumbo limachita nkhungu, ndipo banja lija silidzakukhulupiriraninso.

Pofunsa anthu ndi pamene pagona ntchito yeniyeni. Pitani kaye kukadzidziwitsa popanda kujambula mawu, mufotokoze kumene nkhaniyo idzathere, ndipo mufunse ngati afuna dzina lawo lidzatchulidwe. Tsiku lojambula, chilolezocho achinene okha kumayambiriro. Alankhule chinenero chimene ankatukwanira nacho kapitawo mumtima, kaya Chitumbuka, Chitonga kapena Chinkhonde; mukawakakamiza Chichewa kapena Chingerezi amakupatsani nkhani yochapa kale. Musapitirire ola limodzi, ndipo pewani nyumba ya malata mvula ikamagwa, chifukwa mudzangomva phokoso. Foni ikhale pafupi ndi iwo, osati ndi inu.

Osafunsa kuti "Agogo, kuntchito kunali bwanji?" Adzati kunali bwino, basi. Funsani kuti belu linkalira nthawi yanji, ankadya chiyani masana, tikiti inkadulidwa pa zifukwa ziti, munthu akavulala ankamunyamula ndani. Zaka anthu amazisokoneza, si bodza ayi, ndi mmene mutu umagwirira ntchito. Mangirirani nkhani ku chochitika chodziwika: kodi zinali ndalama ya kwacha isanabwere mu 1971, kapena referendamu ya 1993 itadutsa? Dziwaninso kuti kulemba papepala ola limodzi la mawu kumadya maola anayi mpaka asanu ndi limodzi. Magulu ambiri amagwera apa: amajambula anthu makumi awiri, osalemba ndi mmodzi yemwe, kenako foni n'kubedwa kudepoti. Lembani wa lero musanakafunse wa mawa, ndipo mawuwo asungidwe malo awiri.

Mukatero pitani ku zolemba za boma. Lindqvist ankalimbikira kuwerenga malipoti a oyendera mafakitale, chifukwa m'menemo ndi mmene nkhani za fumbi ndi ngozi zimapezeka. Kwa ife, mafayilo akale a boma amasungidwa ku National Archives ku Zomba. Lembani kalata musananyamuke, mutchule dzina lakale la kampani ndi zaka zimene mukufuna, poti ulendo wake si wa masewera ndipo kampani ikasintha dzina fayilo imakhalabe pa dzina loyamba. Nambala ya fayilo iliyonse muilembe pamwamba pa zomwe mwakopera. Pa zolemba za posachedwa, lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito mu September 2020, limakulolani kupempha polemba kalata. Sungani kope lodindidwa tsiku limene mwapereka.

Pepala ndi pakamwa zikasemphana, musasankhe msanga. Lipoti likati chaka chimenecho kunalibe ngozi, koma anthu atatu osagwirizana akutchula maliro amodzimodzi, lembani zonse ziwiri moyandikana, wowerenga adzionere. Koma mlandu wa munthu wotchulidwa dzina musausindikize pa umboni wa pakamwa pa munthu mmodzi yekha. Mungadzapezeke kukhoti, ndipo mwina munthuyo ndi wosalakwa.

Polemba, bwerekani luso la Lindqvist mwini wake. Buku lake la 1999 lonena za mbiri ya kuponya mabomba kuchokera m'ndege analigawa m'tizigawo 399 tokhala ndi manambala. Inunso lembani tizigawo ta theka la tsamba, kalikonse ndi chaka chake ndi komwe mwakatenga. Masamba 30 mpaka 40 akwana. Musanasindikize, kawerengereni mokweza amene munawafunsa aja, pakhonde pawo pomwe, pensulo ili m'manja.