Kulemba ndemanga ya buku yokopa owerenga

Muziwerenga buku muli ndi pensulo m'manja, n'kumalemba nambala za masamba amene akugwirani mtima kapena akutopetsani. Mukangodalira mutu wanu, mudzangolemba kuti "bukuli n'labwino," mawu osathandiza aliyense.

Chiganizo choyamba chinene maganizo anu. Dzina la wolemba, wosindikiza ndi chaka zibwere pambuyo. Nkhani ya m'bukumo ifotokozeni m'ziganizo zitatu zokha, koma mathero ake musaulule, chifukwa amene mwamuululira sakhalanso ndi chidwi choliwerenga.

Chikuto chijambuleni masana pafupi ndi windo. Fulashi imanyezimira pachikuto chosalala, dzina la buku n'kubisika.

Ngati wosindikiza anakupatsani bukulo mwaulere, nenani poyera. Owerenga akazitulukira okha, sadzakukhulupiriraninso.