Mafuta a mphongo akupha mbewu m'khola

Nyengo yokweretsa imene yangothayi yasiya dandaulo limodzi m'makola ambiri: zazikazi zakweredwa, koma pakatha masiku 21 zikufunanso yamphongo. Ng'ombe, mbuzi, nkhumba, nyimbo ndi yomweyo. Mlimi akaona choncho amathamangira kuloza chala yaikazi. Ati ndi chumba, ati yakalamba, ati ili ndi matenda m'chiberekero. Koma mukapempha kuti akuonetseni yamphongo, mupeza chinyama chonyezimira, chozungulira ngati mgolo, nthiti zosamveka ngakhale mukanikize ndi chikhatho chonse. Mwini wake waima pambali akumwetulira, kudikira kuti muyamikire. Palibe choyamikira apa, alimi anzanga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Yaikazi imodzi ikabwereza, mwina vuto ndi lake. Zikabwereza zisanu kapena khumi, zonse zokweredwa ndi mphongo imodzi, musatope n'kufufuza kwina. Wolakwa ali pomwepo, mutu uli m'chodyeramo.

Munadzifunsapo chifukwa chake mavalo amalendewera kunja kwa thupi, pamalo poti akhoza kupondedwa kapena kulasidwa ndi minga? Thupi la ng'ombe limatentha pafupifupi madigiri 38.5, ndipo pa kutentha kumeneko mbewu ya umuna siipangika bwino. Mavalo amafunika akhale ozizirirapo kuposa thupi ndi madigiri 2 mpaka 6. Thumba lake lonse linapangidwira ntchito imeneyi. Khungu lake ndi lopyapyala ndipo limatuluka thukuta kwambiri. Pali minofu imene imakokera mavalo pafupi ndi mimba kukazizira, n'kuwatsitsa kukatentha. Koma chachikulu chili pakhosi pa thumba, pamwamba penipeni pa mavalo. Pamenepo mtsempha wobweretsa magazi otentha kuchokera m'thupi umapindikapindika, ndipo wakutidwa ndi timitsempha tambirimbiri tobweza magazi amene azizira kale m'munsi. Magazi otsika amasiya kutentha kwawo m'magazi okwera, n'kufika m'mavalo ataziziramo.

Tsono mafuta a nyama yonenepa kwambiri amakaunjikana pakhosi pomwepo. Zili ngati mwakulunga malowo ndi bulangete masana dzuwa likuswa mtengo. Kutentha kumasowa kotulukira, mavalo amatentha, mbewu n'kuyamba kupunduka: zina michira yopindika, zina mitu yosaumbika bwino, zina zongogwedezeka pamalo amodzi osasambira. Dokotala wa ziweto akamayeza nkhunzi pa maikulosikopu amafuna kuti mwa mbewu 100 zilizonse, zosachepera 70 zikhale zoumbika bwino ndipo zosachepera 30 zizisambira molunjika kutsogolo. Ndi maso simungaone zimenezi. Umuna wa nkhunzi yowonongeka ukhoza kuoneka chimodzimodzi ndi wa nkhunzi yabwino, ndipo nkhunziyo ikhoza kukwera ndithu. N'chifukwa chake mawu akuti "komatu ndinaiona ikukwera" satsimikiza kanthu.

Chimene mungaone ndi maso ndi kaumbidwe ka thumba. Imani kumbuyo kwa nkhunzi tsiku lofunda, itamasuka. Thumba labwino limakhala ndi khosi, lopapatiza pamwamba n'kufutukuka m'munsi ngati botolo. Likatsika lowongoka m'mbali zonse ziwiri, khosi osaoneka, gwirani pamwambapo. Mukamva zofewa zodzaza m'manja, amenewo ndi mafuta.

Si nkhani yongoganizira. Ku Lethbridge, m'dziko la Canada, m'zaka za m'ma 1980, ofufuza anagawa nkhunzi zazing'ono za mitundu ya Hereford ndi Angus m'magulu awiri zitasiya kuyamwa. Gulu lina linkadya udzu wokhawokha, lina chakudya chimene magawo 80 pa 100 anali a mbewu zamaso, zija zangati chimanga. Zodya udzu wokha ndi zimene zinapezeka ndi mbewu ya umuna yochuluka yosungika, ngakhale zinzakezo zinali zooneka bwino pathupi.

Chimene chimasokoneza alimi ambiri ndi nthawi. Mbewu siipangidwa usiku umodzi. Kwa nkhunzi imatenga masiku pafupifupi 61 kuti iumbike, kenako masiku ena pafupifupi 10 ikukhwima m'kanjira kopindikapindika kamene kamamatirira ku valo. Kwa tonde ndi nkhosa yamphongo ndi milungu pafupifupi 7, kwa nkhumba yamphongo pafupifupi 6, osawerengera ulendo wa m'kanjirako. Ndiye kuti mbewu imene nkhunzi ikupereka lero inayamba kupangidwa miyezi iwiri yapitayo. Mavalo akatenthedwa, mbewu zopunduka zimayamba kuoneka pakatha milungu iwiri, ndipo ngakhale kutenthako kutatha, pamafunika milungu 6 mpaka 8 kuti zinthu zibwerere mwakale. Amene amatsekera mphongo m'khola miyezi iwiri isanafike nyengo yokweretsa n'kumaithira madeya m'mawa, masana ndi madzulo "kuti ipeze mphamvu" amakhala akuwononga mbewu yomweyo imene akuidalira. Amenenso amazindikira mochedwa n'kuyamba kuimana chakudya mlungu woti ikwere sakonza kanthu.

Mafuta ali ndi mlandu wachiwiri. Si katundu wongokhala phee pansi pa khungu ayi. M'mafuta muli chinthu chotchedwa aromatase chimene chimasandutsa homoni yachimuna, testosterone, kukhala homoni yachikazi, estrogen. Ubongo ukaona estrogen yachuluka m'magazi umachepetsa uthenga umene umatumiza ku mavalo kuti agwire ntchito. Zotsatira zake, chilakolako chimatsika. Yaikazi ikulira, ikukwera zinzake, ikugwedeza mchira, koma mwini ntchito wagona pamthunzi akubzikula. Izi zinafufuzidwa kwambiri mwa anthu kuposa mwa ziweto, choncho inu abambo amene lamba akusunthira bowo lakumapeto chaka ndi chaka musaseke tonde wanu. Kwa munthu mbewu imatenga masiku pafupifupi 74, ndipo mafuta a m'mimba ndi a m'ntchafu amachita zomwezi.

Bambo wina woweta mbuzi anagula tonde wa mtundu wamakono, wamkulu bwino, kuti akweze mbuzi zake 14. Poopa kuti angabedwe kapena kudwala, anamumangira kakhola kakekake, kongokwanira kutembenukiramo, n'kumamupatsa madeya osakaniza ndi chimanga chogaya katatu patsiku. Patatha miyezi isanu, mbuzi zitatu zokha ndi zimene zinali ndi bere. Anasankha zinayi zimene ankati ndi zouma n'kugulitsa kwa mnansi wake. Kumeneko zinakweredwa ndi katonde kamakolo kongoyenda ndi gulu tsiku lonse, ndipo zonse zinayi zinatenga bere. Alangizi a ziweto atamufunsa chifukwa chimene ankadyetsera tonde choncho, anayankha kuti, "Alangizi, chinthu chogula modula ungachisiye chiziyenda m'tchire ngati chopanda mwini? Anthu akabwera kudzaona, aziona kuti pakhomo pano pali tonde." Anthu anaonadi. Mbuzi zinayi zabwinobwino zikuberekera khola la wina.

Maganizo amenewa ndi amene akutivuta. Timadyetsa mphongo yobereketsa ngati yokapha, ndipo pogula timasankha yonona. Ogulitsa amadziwa zimenezi. Mafuta amabisa msana wopindika, amabisa chifuwa chopapatiza, amanamizanso tepi yoyezera. Muyezo wozungulira thumba la mavalo ndi wofunika, chifukwa mavalo aakulu amapanga mbewu yambiri. Kwa nkhunzi za mitundu ya ku Ulaya amafuna masentimita osachepera 30 pa miyezi 15, ndi 34 ikapitirira zaka ziwiri. Za linunda zimakhwima mochedwerapo. Koma thumba lodzaza mafuta limapereka nambala yaikulu yabodza. Tepi iziyenda limodzi ndi dzanja: valo labwino limamveka lolimba koma lobwerera mukalisindikiza, ngati mnofu wa mkono wokungidwa, ndipo onse awiri akhale ofanana, otsetsereka momasuka m'thumba.

Kenako pali miyendo. Pokwera, thupi lonse limatsamira pa miyendo yakumbuyo. Nkhunzi yolemera mopitirira imakwera kamodzi kapena kawiri, mfundo n'kuyamba kuwawa, basi yaleka. Chakudya cha mbewu zamaso chikachuluka chimawawasa m'chifu cha nyama zobzikula, ndipo vuto limeneli limakathera ku ziboda: zimatentha, zimapweteka, zimakula mokhota. Nkhumba yamphongo yonenepa imagwetsa yaikazi yaing'ono, nthawi zina n'kuithyola msana kapena mwendo. Kwa atonde ndi nkhosa zamphongo kuli ngozi ina yoposa apa. Madeya ali ndi mchere wa phosphorus wambiri koma wa calcium wochepa, ndipo kusalingana kumeneku kumapanga timiyala m'chikhodzodzo. Njira ya mkodzo ya tonde ndi yaitali, yopindika, yothera pa kansonga kopyapyala. Kamwala kakatseka pamenepo tonde amadzikunga, kulira, mkodzo n'kumangodontha kapena osatuluka n'komwe, ndipo akapanda kuthandizidwa msanga chikhodzodzo chimaphulika. Pa chakudya chonse calcium azikhala magawo awiri pa gawo limodzi la phosphorus, ndiye ngati madeya simungawasiye, laimu wa ziweto asasowemo, ndi madzi akumwa nthawi zonse.

Tiwerengere zotayika. Ng'ombe imakhala ndi bere masiku pafupifupi 283. Kuti izibereka chaka chilichonse iyenera kutenganso bere pasanathe masiku 82 chiberekereni, ndipo pafupifupi theka la masiku amenewo limapita chiberekero chikuchira. Mwatsala ndi mipata iwiri yokha. Nkhunzi ikaphonya yonse iwiri, thole lachedwa, mkaka wachedwa, ndipo kuchedwako kumasamukira ku chaka chotsatira. Nkhumba yaikazi imene ikudya makilogalamu 2.5 patsiku ikabwereza kamodzi, ndiye kuti makilogalamu opitirira 50 a chakudya apita osabweza kanthu. Zikakhala khumi, werengani nokha. Mbuzi, imene bere lake ndi masiku 150, ikhoza kubereka katatu pa zaka ziwiri, koma osati ndi tonde wogona. Pamwamba pa zonsezi onjezani madeya amene munathira kuti muwononge mphongo yanu yomwe.

Wina asamve molakwa n'kupita kukaimana chakudya. Yoonda nayo siibereketsa: mavalo amafota, mphamvu yotsata zazikazi imatha. Nkhosa yamphongo imatha kutaya gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake, ngakhale kuposerapo, pa nyengo imodzi yokweretsa, choncho iyambe ili ndi pochotsa. Ndipo nthawi imene chakudya chabwino chimapinduladi ndi ya uthole, miyezi 6 yoyambirira, pamene mavalo akukhazikika kukula kwake. Ambiri amachita chotembenuza: thole amalimana mkaka, likakula n'kuyamba kulinenepetsa.

Chochita tsono. Yezani ndi dzanja, pa muyezo wa kunenepa wa 1 (yoondetsetsa) mpaka 5 (yonenepetsetsa), miyezi iwiri kapena itatu nyengo yokweretsa isanafike. Nkhunzi ndi tonde zikhale pa 3 mpaka 3.5, nkhumba yamphongo pa 3. Kunena kwina, nthiti zisaoneke zonse koma zizimveka mukasindikiza pang'ono, ndipo pa tsinde la mchira pasakhale zotupa za mafuta. Ikapitirira, chepetsani madeya ndi chimanga pang'onopang'ono kwa milungu itatu kapena inayi, udzu ukhale chakudya chachikulu. Itulutseni iziyenda, madzi ikani mbali ina, mchere mbali ina, kuti ikakamizike kuponda. Mthunzi ukhalepo. Nkhumba yamphongo yaikulu makilogalamu 2 mpaka 2.5 patsiku akwana, ndipo izidyera payokha. Ziboda sengani kukadali milungu 6 kapena 8 nyengo yokweretsa isanafike. Nkhunzi yaikulu musaipatse zazikazi zoposa 25 mpaka 30, yaing'ono yaikazi imodzi pa mwezi uliwonse wa msinkhu wake. Lembani tsiku limene yaikazi iliyonse yakweredwa n'kuiyang'ananso pa masiku 18 mpaka 24, nkhosa pa masiku 17. Kumene kuli dokotala wa ziweto woyeza umuna, yezetsani musanaiike m'gulu.

Yonenepa kale musaiyembekezere mwezi uno kapena wamawa. Pezani mphongo ina yoyezedwa igwire nyengo ino. Mafuta a pakhosi pa thumba amachoka mochedwa kuposa a pamsana, makamaka amene anaunjikana nyama ikadali yaing'ono. Ikatsika thupi, pakatha miyezi itatu muiyezetsenso, ndipo mbewu ikakhala idakali yopunduka, ifuleni ipite kwa ogula nyama.